Mafunso a Owerenga: Chipale cha ku Kanbara ndi Matabwa Amene Anachidinda

M'magazini ya mwezi watha, kutsamba lomaliza, tinasindikiza chithunzi chimene aphunzitsi ena a ku Santhe m'boma la Kasungu anatitumizira pa WhatsApp, ndipo tinalonjeza kuti funso lawo tidzaliyankha mwezi uno. Chithunzicho chikuonetsa mudzi uli m'tsinde mwa phiri usiku, madenga, mitengo ndi njira zonse zitayera mbuu, anthu atatu akuyenda chowerama. Chitangotuluka, makalata ena anafika kuchokera ku Mchinji ndi ku Kasungu komweko, choncho tsamba lonse la mwezi uno talipereka ku nkhani imodziyi.

FUNSO: Akonzi, alamu anga anaitanitsa galimoto yakale kuchokera ku Japan, ndipo tsiku limene tinkaitsuka tinapeza kalendala yopindidwa pansi pa mpando wakumbuyo. Zolemba zake sitingathe kuziwerenga, koma chithunzi cha mwezi umodzi chinandigwira mtima moti ndinachimata pakhoma m'kalasi langa la Sitandade 7. Ana akundifunsa ngati zoyerazo zili ufa, phulusa kapena matalala. Ena akuti n'chojambula ndi kamera, ena akuti n'chopenta. Ine ndimangowauza kuti tidzaona mawa, ndipo mawa lake lachuluka. Ndithandizeni.
Mphunzitsi, Santhe, Kasungu

YANKHO: Aphunzitsi, mawa lija lafika. Chithunzi chanucho si cha kamera, komanso palibe amene anakhala pansi n'kuchipenta ndi burashi papepala. Choyambirira chake chinadindidwa ndi matabwa osema, monga momwe chidindo cha amfumu chimasiyira chizindikiro pakalata, kungoti apa zidindo zake zinali zingapo, chilichonse cha mtundu wakewake. Zithunzi zoterezi ku Japan amazitcha ukiyo-e, ndipo zinafala kwambiri m'nyengo imene amaitcha ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868.

Amene anachijambula ndi Utagawa Hiroshige. Anabadwa mu 1797 mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, m'banja la ozimitsa moto, ndipo anamwalira mu 1858 pa nthawi ya mliri wa kolera. Cha m'ma 1833 ndi 1834 anatulutsa mndandanda wa zithunzi za msewu wa Tokaido, umene unkalumikiza Edo ndi Kyoto, mtunda wa makilomita pafupifupi 500, ngati kuyenda kanayi kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Kasungu. Pamsewuwo panali malo 53 amene apaulendo ankagonapo ndi kusinthirapo akavalo. Hiroshige anajambula malo aliwonse, n'kuwonjezapo poyambira ndi pothera, zonse n'kukwana 55. Chanucho ndi cha malo a nambala 15, otchedwa Kanbara, ndipo mawu olembedwa pamenepo akutanthauza chipale cha usiku.

Zoyerazo ndi chipale chofewa, chimene achinyamata amangoti sinowo. Omasulira Baibulo ena analemba kuti matalala, poti ndicho chinthu choyandikira chimene makolo athu ankachidziwa, koma ziwirizi n'zosiyana. Matalala amabwera ndi mvula yamabingu, ndi olimba ngati timiyala, ndipo mlimi aliyense wa fodya ku Kasungu amadziwa mmene amaboolera masamba m'kanthawi kochepa. Chipale chofewa chimapangika nthunzi ya madzi ikaundana ndi kuzizira m'mitambo momwemo, n'kukhala tizidutswa topepuka ta nsonga zisanu ndi imodzi. Chimatsika mwakachetechete ngati thonje louluzika, n'kumaunjikana padenga, panthambi ndi pamapewa pa munthu. Anawo akafuna kuona chofanana nacho, akasuzumire zoyera zimene zimamatirira m'mbali mwa firiji ya m'golosale. Mu 1832, chithunzi chanu chitatsala pang'ono kutuluka, mfumu ina ya dera la Koga, Doi Toshitsura, inasindikiza buku la maonekedwe a tizidutswa timeneti monga inationera pa makina okuza zinthu, ndipo maonekedwewo anthu anayamba kuwaika pa nsalu zovala.

Ku Japan chisanu chimafika pachimake kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, pamene ife tili kalikiliki kupalira ndi kubandira. Mphepo yozizira yochokera ku Siberia imadutsa pamwamba pa nyanja ya Japan, imatenga chinyezi, kenako imagunda mapiri a pakati pa dzikolo n'kukhuthula chipale chonse kumbali ya kumadzulo, m'madera monga Niigata. Paphiri la Ibuki, mu Febuluwale 1927, anayeza chipale chakuya mamita 11.82. Koma Kanbara sali kumbali imeneyo. Ali kugombe lakumwera, m'dera la Shizuoka, kofunda, kumene amalima tiyi ndi manachesi, ndipo chipale chokwirira mudzi chotere sichichitikachitika kumeneko. Kuwonjezera apo, mbiri yofala imati Hiroshige anayenda mumsewuwo m'nyengo yotentha ya 1832, ndipo akatswiri ena amakayikira ngati anauyenda wonse n'komwe.

Mwana wochenjera m'kalasi mwanu afunsa ngati ndiye kuti wojambulayo ananama. Ine ndingamuyankhe kuti ayi, monga momwe sitinenera agogo kuti ndi abodza akamatamba nthano. Hiroshige sankalemba lipoti la zanyengo. Anali ndi malo 53 ofanana ndithu, nyumba zogona alendo ndi anthu onyamula katundu, ndipo ankafuna kuti aliwonse akhale ndi mpweya wakewake. Ku Mishima anaikako nkhungu ya m'mawa, ku Yokkaichi mphepo youlutsa chipewa cha munthu, ku Shono mvula yadzidzidzi yothamangitsa apaulendo, ku Kameyama m'mawa wowala chipale chitaleka kugwa. Kanbara anamupatsa usiku ndi bata.

Tsopano imani ndi anawo pafupi ndi chithunzicho. Anthu awiri akukwera chitunda cha kudzanja lamanja, woyambayo ali ndi kanyali, wachitatu walunjika kwina, ndodo ili m'manja, mutu waubisa m'ambulera yotsekula pang'ono. Misana yawo yakhota monga imakhotera ya anthu opita kuchigayo mbandakucha wa mu Juni. Mitundu yowala ili pa zovala za anthuwo basi, kwina konse n'kotuwa ndi kwakuda. Ndiye afunseni kuti utoto woyera uli pati. Yankho lake n'lakuti palibe. Madenga oyerawo, phiri loyeralo, ngakhale timadontho ta chipale chimene chikugwa, zonsezo ndi pepala lenilenilo pamene utoto sunafikepo. Chimene chimachititsa kuti pepala lopanda kanthu lioneke lolemera ndi lozizira ndi mdima umene anauika mozungulira. Zimenezi ndafotokoza bwino poyankha funso lotsatirali.

FUNSO: Ine ndine kalipentala, ndakhala ndikupanga zitseko, mipando ndi mabokosi kwa zaka zambiri. Pansi pa chithunzi chija munalemba kuti chinadindidwa ndi thabwa, ndipo ndakhala ndikuchitembenuza osamvetsa. Thabwa lingatulutse bwanji thambo loyamba lakuda n'kumayera pang'onopang'ono popanda malire ooneka? Nanga ankagwiritsa ntchito mtengo wanji, ndipo mlombwa kapena mbawa zingagwire ntchito imeneyi?
Kalipentala, Kamwendo, Mchinji

YANKHO: Bambo, funso lanu ndi la mmisiri, ndipo mudzakondwa kumva kuti ntchitoyi inkadalira kwambiri anthu a manja ngati anuwo. Chithunzi chimodzi chinkadutsa mwa anthu anayi. Woyamba anali mwini bizinesi, amene ankasankha mutu, kulipira onse ndi kugulitsa, ndipo pa mndandanda wa Tokaido ameneyu anali Takenouchi Magohachi wa sitolo ya Hoeido. Wachiwiri anali wojambula, wachitatu wosema, wachinayi wodinda. Dzina la wojambula ndi chizindikiro cha mwini bizinesi zinkaoneka papepala, pamodzi ndi chidindo cha oyendera a boma chimene chinayamba kufunika mu 1790, koma dzina la wosema ndi la wodinda kawirikawiri sankalilemba. Ndikhulupirira kuti zimenezi sizikudabwitsani, poti ndi angati amafunsa amene anapala chitseko cha tchalitchi?

Wojambula ankalemba chithunzi ndi inki yakuda yokha papepala lopyapyala. Wosema ankamata pepalalo chafufumimba pathabwa la mtengo wa cherry wa m'mapiri, umene ndi wolimba, wosalala, wopanda timabowo tambiri, ndipo ukauma bwino supindika. Akatero ankapekesa msana wa pepalalo ndi chala mpaka mizere ioneke, n'kuyamba kucheka ndi kampeni mbali zonse ziwiri za mzere uliwonse, kenako n'kugoba ndi tchizulo ponse pamene palibe mzere. Pomaliza pathabwa pankatsala mizere yokha itatukuka, ina yopyapyala ngati tsitsi, ndipo chojambula choyambirira chija chinkathera pomwepo monga zipalapala. Thabwa limeneli linkadindidwa kangapo, wojambula n'kulemba pa tsamba lililonse mtundu umene ukufunika ndi malo ake, ndipo wosema ankasemanso matabwa ena, mtundu uliwonse ndi nkhope yakeyake ya thabwa. Posunga mitengo ankasema mbali zonse ziwiri.

Chinsinsi choti mitundu khumi kapena kuposerapo igwere m'malo mwake popanda kuphonya chinali timabala tiwiri tokha totchedwa kento, kena kokhota ngati ngodya pakona, kena kowongoka m'mphepete, tosemedwa pamalo ofanana pathabwa lililonse. Wodinda ankalowetsa kona ya pepala m'kabala koyambako, mphepete n'kuigundika pa kachiwiriko, ndipo pepala linkagona pomwe linagona kale. Njira yodinda mitundu yambiri chonchi inakhazikika mu 1765, pa zithunzi za Suzuki Harunobu.

Makina opanikizira panalibe. Wodinda ankakhala pansi, thabwa lili patsogolo pake, n'kuikapo utoto wosungunula m'madzi ndi kadontho ka phala la mpunga, n'kuzisakaniza pathabwa pomwepo ndi burashi ya ubweya wa kavalo. Pepala lake linali la makungwa a kozo, mtengo wa mtundu umodzi ndi mabulosi, ndipo ankayamba alinyowetsa pang'ono. Akaligoneka, ankalikhutiza kumsana ndi baren, kachimbale kokwana m'dzanja kamene m'kati mwake muli chingwe chopota chokulungidwa mozungulira, kunja atakakuta ndi khoko la nsungwi. Mphamvu ya phewa ndiyo inkalowetsa utoto m'kati mwa ulusi wa pepala. Ankadinda mapepala pafupifupi 200 mtundu umodzi, n'kusintha thabwa, n'kuyambiranso mapepala omwewo.

Thambo limene lakuzunguzanilo si ntchito ya wosema ayi, ndi ya wodinda, ndipo amaitcha bokashi. Thabwa la thambo ndi losalala ndithu. Wodinda amalipukuta ndi kansalu konyowa, amaika utoto kumphepete imodzi yokha, ndiye amayendetsa burashi uku ndi uku motsata mpheperoyo mpaka utoto utasefukira m'chinyezi muja n'kumachepa mphamvu pang'onopang'ono. Amachita zimenezi pa pepala lililonse payekhapayekha, n'chifukwa chake palibe mapepala awiri ofanana ndendende. Chithunzi cha Kanbara chomwechi chilipo mitundu iwiri yodziwika: china thambo lada kumwamba n'kumayera potsika, china lada m'munsi kuseri kwa madenga n'kumayera pokwera. Yang'anani chimene tinasindikiza muone kuti ndi chiti.

Chipale chimene chikugwa ndiye ntchito yanu osema. Pathabwa la thambo lija mmisiri amagoba timaenje tambirimbiri, tosiyana kukula, tomwazikana mosatsata mzere, ndipo poti utoto sufika m'dzenje, papepala pamatsala kadontho koyera. Akalakwitsa n'kutindanditsa bwinobwino, zimaoneka ngati nsalu ya madontho, osati chipale. Nthawi zina ankawaza ufa woyera wa zigoba za nkhono za m'nyanja, wotchedwa gofun, pamwamba pa chithunzi chomaliza. Ena ankagwiritsa ntchito utoto woyera wa mtovu, umene umada ukakhalitsa, moti pali zithunzi zakale zimene chipale chake lero chikugwa chakuda. Njira ina inali kudinda thabwa louma lopanda utoto mwamphamvu kuti pepala litukuke, mulu wa chipale uoneke wonenepa munthu akaupendeketsa kukuwala. Buluu wozama amene mumamuona m'mitsinje ndi m'thambo la zithunzi zambiri za nthawiyo anali utoto wopangidwa koyamba ku Berlin, umene unkalowa kudzera padoko la Nagasaki, ndipo unatsika mtengo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1820.

Za mitengo yathu, maganizo anga ndi awa. Mlombwa ndi mbawa n'zokongola pa chitseko, koma zili ndi timabowo tooneka timene timamwa utoto mosiyanasiyana, ndipo mlombwa wasowa kale moti kuuthera pa kuphunzira n'kuwononga. Paini amavuta chifukwa mizere yake ina ndi yolimba ina yofewa, mpeni umaterereka. Yambani ndi malaina kapena jakaranda wouma bwino, ngakhale kachidutswa ka pulayiwudi kosalala, poti amisiri ambiri a ku Japan masiku ano amasema pulayiwudi yomweyo. Palani thabwa, likwecheni ndi sandipepa yosalala, gwiritsani ntchito utoto wa madzi wa ana a sukulu ndi kaphala kopyapyala ka ufa wa mpunga kapena ka chinangwa, ndipo m'malo mwa baren kumsana kwa chipande kumakhutiza bwino. Pepala likhale losanyezimira, lomwa madzi. Musaiwale kuti chilichonse chimatuluka chotembenuka ngati pagalasi. Ine ndili mwana ndinasema dzina langa pa labala yofufutira, ndipo nditadinda pachikuto cha kope linatuluka chammbuyo, anzanga n'kumandiitana dzina lotembenukalo teremu yonse.

Ndikupemphani chinthu chimodzi, kuti musayambe ndi kusema chipale chimene simunachionepo. Yambani ndi zoyera za kwanu konko: nkhungu itagona m'dambo la Bua m'mawa wa Julayi mitu ya ng'ombe yokha ikuoneka, ufa woyanika pamphasa kuseri kwa nyumba, akakowa ali m'munda wongolimidwa kumene. Zonsezi zimafuna luso lomwe lija losiya pepala osalikhudza n'kudetsa zozungulira.

FUNSO: Ndinawerenga pa Facebook kuti chithunzi china cha ku Japan cha funde lalikulu chinagulitsidwa ndalama zoposa madola 2 miliyoni. Kodi aphunzitsi a ku Santhe aja sakhalira chuma osadziwa? Ngati zili choncho ndiyambe kufufuza pansi pa mipando ya galimoto zonse zimene ndimatsuka.
Mnyamata wotsuka galimoto, Kasungu boma

YANKHO: Achimwene, zimene munawerengazo n'zoona. Chithunzi cha funde cha Katsushika Hokusai, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1760 mpaka 1849, chinagulidwa madola 2.76 miliyoni pamsika wa Christie's ku New York mu Malichi 2023, ndipo kuyambira Julayi 2024 funde lomwelo lili kuseri kwa ndalama yapepala ya 1,000 yen. Koma kalendala ya aphunzitsi ndi kalendala basi, yosindikizidwa ndi makina monga magazini ino. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Chosindikiza ndi makina mukachiyang'ana pagalasi lokuza zinthu mumaona timadontho tandondolondondolo, ndipo kumsana kwake n'koyera. Chodinda ndi thabwa utoto wake umalowerera mpaka kuonekera kumsana, pamodzi ndi mikwasa yozungulira ya baren. Ngakhale chikhale chodinda ndi thabwa, mwina n'chatsopano, poti ku Tokyo kuli malo monga Adachi amene mpaka lero amasema matabwa atsopano a zithunzi zakalezi n'kumagulitsa pa mtengo wofikirika.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti pa nthawi yake zithunzizi sizinali za olemera. Pepala limodzi, lotalika pafupifupi masentimita 39 ndi 26 m'lifupi, linkagulidwa pa mtengo wa mbale imodzi kapena ziwiri za soba, chakudya cha m'misewu ya Edo, tinene ngati tchipisi cha pachiwaya. Mu 1842 boma linafika polamula kuti pepala lisapose mon 16, tindalama ta nthawiyo, umene unali mtengo wa mbale imodzi. N'chifukwa chake zithunzi za chisanu za Hiroshige zadzaza ndi anthu wamba. Mu mndandanda wa malo 100 otchuka a Edo, umene unayamba kutuluka mu 1856, muli chithunzi cha mlatho wa Bikuni chipale chikugwa, mbali ina kuli chikwangwani cha ogulitsa mbatata yootcha, mbali ina chikwangwani chachikulu cholembedwa kuti namgumi wa m'phiri. Imeneyo inali nyama ya nguluwe. Kudya nyama ya miyendo inayi kunkaonedwa ngati kosayenera, ndiye ogulitsa anangoipatsa dzina la cham'madzi kuti odya adye ndi mtima woyera. Mumndandanda womwewo muli chiwombankhanga chachikulu chikuzungulira pamwamba pa chigwa choyera cha Fukagawa, maso ali pa kachidebe koyandama m'nyanja, komanso kachisi wa ku Asakusa, nyali yaikulu yofiira ili lende pachipata, anthu akuyenda ndi maambulera m'mbali mwa njira yoyera.

Mtengo unakwera anthu a ku Ulaya atayamba kuzikonda. Wojambula wotchuka Vincent van Gogh anakopera zithunzi ziwiri za Hiroshige ndi utoto wa mafuta mu 1887, ndipo wojambula wa ku France Claude Monet anadzaza nazo makoma a nyumba yake ku Giverny. Kuziona n'kwaulere: nyumba zosungira zinthu zakale monga Metropolitan Museum ku New York, Museum of Fine Arts ku Boston ndi British Museum ku London zinaika zambiri pa intaneti, ndipo bandulo yochepa ikukwanirani. Pansi pa mipando pitirizani kusesa, koma zimene mwapeza muzibweza kwa eni galimoto.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi akuphunzira ku Japan, ndipo chaka chatha ananditumizira khadi la Khirisimasi. Pakhadipo pali mayi mmodzi atavala chovala chachitali, wafunda ambulera yopendekera kumphepo, akudutsa pa chinyumba chofiira kwambiri, chipale chikugwa chopingasa, nthambi ya paini italemedwa. Nditaona chithunzi chanu ndinati mwina wojambula ndi mmodzi. Kodi ndalondola? Nanga luso limeneli lilipobe kapena linatha ndi makolo awo?
Mayi wa ku Mkanda, Mchinji

YANKHO: Mayi, diso lanu laona ubale umene ulipodi, koma ojambula ndi awiri, ndipo pakati pa zithunzi ziwirizi pali zaka pafupifupi 90. Monga mwafotokozeramo, khadi lanu ndi chithunzi cha Kawase Hasui cha 1925, choonetsa chipata chachikulu cha kachisi wa Zojoji ku Shiba, mumzinda wa Tokyo. Chipatacho chilipobe, ndipo mwana wanu akapitako adzaona nsanja ya Tokyo Tower itaima kuseri kwa kachisiyo.

Kamera ndi makina osindikizira atafika ku Japan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ntchito ya osema ndi odinda inayamba kuzilala. Amene anaidzutsa ndi wamalonda Watanabe Shozaburo, amene anasonkhanitsanso anthu anayi aja monga kale, koma n'kumafuna zithunzi zatsopano zokhala ndi kuwala ndi mithunzi monga zojambula za ku Ulaya. Ntchito yatsopanoyi anaitcha shin-hanga. Hasui, wobadwa mu 1883, anayamba kugwira naye ntchito mu 1918, ndipo mosiyana ndi zimene zinachitika ku Kanbara, iye ankayenda dziko lonse ndi kabuku kojambuliramo, n'kumakhala pamalopo mpaka ataona zimene akufuna. Pa 1 Seputembala 1923 chivomezi chachikulu ndi moto wotsatira zinawononga Tokyo. Sitolo ya Watanabe inapsa pamodzi ndi matabwa ake, ndipo nyumba ya Hasui inapsa ndi mabuku ake ojambuliramo. Chithunzi chimene muli nachocho chinatuluka patangopita zaka ziwiri, m'mndandanda wa malo 20 a Tokyo, ndipo chinakhala chimodzi mwa zogulidwa kwambiri pa zonse zimene anapanga.

Mukaika khadi lanu pambali pa chithunzi cha Kanbara muona kusiyana. Kwa Hiroshige chipale chimagwa mwabata ndipo mizere yakuda ndiyo imagwira chithunzi. Kwa Hasui kuli mphepo, kufiira kwa chipata n'kozama chifukwa chodinda mobwerezabwereza, ndipo tizidutswa toyera timaoneka ngati tikukulowani m'maso. Kunena zoona ine ndimakonda cha Kanbara, chifukwa chimanena zambiri ndi mitundu yochepa, koma ndikudziwa kuti ambiri angasankhe chanucho, ndipo sindingawatsutse.

Lusoli silinathe. Panabukanso gulu lina, la sosaku-hanga, limene linkati munthu mmodzi ajambule yekha, aseme yekha, adinde yekha. Mmodzi wa iwo, Saito Kiyoshi, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1907 mpaka 1997, anapanga zithunzi zoposa 100 za chisanu cha kwawo ku Aizu, madenga onenepa ndi chipale, tianthu takuda tikuyenda m'tinjira, ndipo bambo a ku Kamwendo aja akafuna chitsanzo chofikirika ayambire pa iyeyu. Banja la Watanabe likugulitsabe zithunzi ku Ginza mu Tokyo.

Khadi lanulo musalipachike pamene dzuwa limafika, chifukwa kufiirako kumafwifwa, ndipo mukaliika m'felemu onetsetsani kuti khoma lake silichita chinyezi m'dzinja. Mukamalemba kalata yoyankha, muuzeni mwana wanuyo afufuze chithunzi chomaliza cha Hasui, cha 1957, chaka chimene anamwalira. Chikuonetsa wansembe wa Chibuda mmodzi akukwera masitepe a miyala opita ku nyumba yopatulika ya Konjikido ku Hiraizumi, pakati pa mitengo italiitali, chipale chikugwa. Hasui anachijambula akudwala, ndipo odinda anachitsiriza iye atapita kale.